Nthano, Nkhani Kapena Mbiri? Mayina a Mitundu ya Nkhani Zopeka

Pali funso lina limene limaoneka lophweka pa mayeso a Chichewa: "Kodi buku limeneli ndi la mtundu wanji?" Ophunzira ambiri amalemba liwu limodzi lakuti "nthano" n'kuthamangira ku funso lotsatira. Yankho lotere si lolakwa kwenikweni, koma ndi loperewera, chifukwa liwu lakuti nthano limasenza katundu wambiri m'Chichewa. Agogo akamasimba za Kalulu ndi Fisi madzulo, timati nthano. Kankhani kopeka ka tsamba limodzi ka m'nyuzipepala, timatinso nthano. Buku lonse la Nthondo, ambiri amalitcha nthano. Ndipo mnzanu akamakunamizani mumamuuza kuti, "Iwe, zimenezo ndi nthano." Tsono mukangolemba kuti "nthano" basi, wochonga mayeso adziwa bwanji chimene mukutanthauza mwa zinayizi?

M'mutu uno tiona mayina amene timapatsa nkhani zopeka, kumene adachokera ndiponso chifukwa chake anthu sagwirizana pa mayinawo. Simukufunsidwa kuloweza mndandanda wa mayina ayi. Chofunika n'chakuti mukatchula mtundu wa nkhani, muzitha kupereka umboni wochokera m'nkhanimo.

Nthano ya pamoto ndi nthano ya m'buku

Makolo athu adali ndi nthano kalekale, kulemba kusanafike. Nthano yotere ili ndi zizindikiro zake zimene mudaphunzira m'gawo la nkhani za mchezo. Wosimba amayamba ndi mawu akuti "Padangokhala," omvera n'kumavomera kuti "Tilitonse." Kawirikawiri pakati pake pamakhala nyimbo imene onse amathandizana, n'chifukwa chake akuluakulu amati kuyimba nthano. Ilibe mwini wodziwika. Nyama zimayankhula, malo ndi chaka sizitchulidwa, ndipo wosimba aliyense amaithira mchere wakewake, kotero nthano imodzimodzi imamveka mosiyana ku Dedza ndi ku Nsanje. M'madera ena akuluakulu amatchula nthano yotere kuti mwambi, pamene kusukulu mwambi ndi mawu aafupi a nzeru. Mukuona kuti kusiyana pa mayina kudayamba kale, mabuku asanabwere.

Anthu ataphunzira kulemba m'sukulu za amishoni n'kuyamba kupeka nkhani zawozawo, padafunika dzina la chinthu chatsopanocho. Chingerezi chidali kale ndi mayina ake awiri, "novel" ndi "short story". Chichewa sichidapange mawu atsopano. Chidatenga akale omwe aja n'kuwaphatikiza ndi mawu onena za kutalika: nthano yaitali ndi nthano yaifupi. Ena adasankha kunena kuti nkhani yaitali ndi nkhani yaifupi. Mukayang'ana pa zikuto za mabuku mupeza zonse ziwiri. Pali buku lotchedwa Kwalimba Uta ndi Nthano Zina, palinso lina lotchedwa Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina. M'mabuku onse awiriwa muli zolemba zazifupi zopeka, koma lina lati nthano, lina lati nkhani.

Mbali iliyonse ili ndi zifukwa zake. Amene amakonda liwu lakuti nkhani amati liwu lakuti nthano limachepetsa ntchito ya mlembi. Munthu walemba za mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake amulanda katundu, kapena za mnyamata amene wapezeka ndi kachirombo ka HIV, ndiye inu muziike m'gulu limodzi ndi za Kalulu wonamiza Njovu? Kwa iwo, nthano ndi za ana. Amene amakonda liwu lakuti nthano amayankha kuti nkhani ndi zinthu zimene zachitikadi. Pa wailesi timamvera nkhani. Mlandu ukapita kubwalo timati nkhani ili kwa amfumu. Amene adamverapo pulogalamu ya Nkhani za M'maboma pa wailesi ya MBC akudziwa kuti ngakhale zodabwitsa zimene zinkawerengedwa mmenemo, omvera ankazilandira ngati zochitikadi, chifukwa dzina lake ndi nkhani. Tsono ukauza munthu wa kumudzi kuti "ndawerenga nkhani yaifupi," angakufunse kuti zachitikira kuti.

Chodabwitsa n'chakuti liwu la Chingerezi lija lakuti "novel" lidachokera ku liwu la Chitaliyana lakuti "novella", limene tanthauzo lake loyamba lidali kanthu katsopano kapena nkhani yongomveka kumene. Choncho Angerezi nawonso adatenga liwu la nkhani zochitika n'kulipatsa ntchito yotchula zopeka, ndipo patapita zaka anthu adaiwala chiyambi chake.

Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mkanganowu simungauthetse inu m'chipinda cha mayeso. Chitani izi: gwiritsani ntchito liwu limene funso lagwiritsa ntchito. Ngati funso silidatchule liwu lililonse, sankhani limodzi ndipo musasinthesinthe mpaka kumapeto kwa yankho lanu. Pamene pangakhale chisokonezo, onjezani liwu lakuti "yopeka" kapena "yolembedwa".

Kutalika kokha sikukwanira

Mayina akuti yaitali ndi yaifupi ali ndi msampha wake. Amachititsa wophunzira kuganiza kuti nkhani imadziwika mtundu wake powerenga masamba. Palibe lamulo lonena kuti nthano yaifupi imathera pa tsamba lakutilakuti. Kusiyana kwenikweni kuli m'kamangidwe.

Tiyerekeze kuti mlembi akufuna kulemba za mtsikana amene wapeza kuti ndalama zake za fizi zasowa m'mawa wa tsiku lobwerera kusukulu. Akayamba ndi m'mawa umenewo, n'kutionetsa mtsikanayo, mayi ake ndi mchimwene wake amene akukayikiridwa, nkhani n'kutha madzulo ndalama zitapezeka m'thumba la bambo, imeneyo ndi nthano yaifupi. Kusamvana ndi kumodzi, ampangankhani ndi ochepa, nthawi ndi ya tsiku limodzi, ndipo nkhani yayambira pafupi ndi pachimake. Koma mlembi yemweyo akatsatira mtsikanayo kuchokera tsiku limenelo, kusiya sukulu, kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, kukwatiwa, banja kutha, mpaka kudzakumananso ndi bambo ake atakalamba, pakati pake n'kutisimbiranso za moyo wa mchimwene wake uja, imeneyo ndi nthano yaitali. Mavuto ndi ambiri ndipo akulowana, malo akusintha, zaka zikupita, mpangankhani wamkulu akusintha khalidwe ife tikuona.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pa mabuku a Chichewa, chifukwa ambiri ndi opyapyala poyerekeza ndi a Chingerezi. Buku lingathe kulowa m'thumba la malaya koma likhale nthano yaitali ndithu chifukwa cha mmene lidamangidwira.

Nthondo: mbiri kapena nthano?

Palibe buku limene limaonetsa vuto la mayinali bwino kuposa Nthondo. Adalilemba ndi Samuel Josia Nthara, amene dzina lake m'mabuku ena limalembedwa kuti Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Lidasindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo lidapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Taonani apa: mphothoyo idali ya m'gawo la mbiri ya moyo wa munthu. M'chaka cha 1934 mmishoni T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulipatsa dzina lakuti Man of Africa.

N'chifukwa chiyani buku limene lero timalitcha nthano yaitali lidalowa m'gulu la mbiri? Yang'anani kamangidwe kake. Likuyamba ndi kubadwa kwa Nthondo, likumutsata pa ubwana wake, pa unyamata wake wa kuba ndi kusamvera, pa ulendo wake wokafuna ntchito kutali, pa kulowa ufumu, pa kutembenuka mtima, mpaka pa imfa yake. Umu ndi mmene mbiri ya munthu imalembedwera, kuyambira kubadwa mpaka kumanda, zinthu zikutsatana monga mwa zaka. Koma Nthondo ndi munthu wopeka. Nthara adamuumba kuti kudzera mwa iye ationetse moyo wa m'mudzi wa Achewa, miyambo yake ndi kusintha kumene kudadza ndi ntchito za kwa Azungu komanso Chikhristu. Dzina la Chingerezi lija likuulula zomwezo: womasulira adaona Nthondo ngati munthu woimira anthu ambiri.

Kuti mumvetse bwino, yerekezani ndi mabuku ena awiri a mlembi yemweyu. Msyamboza ndi buku lonena za mfumu ya Achewa imene idakhalakodi, ndipo lidatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Mbiri ya Achewa ndi buku lonena za kumene mtundu wonse udachokera ndi mmene udafalikira. Mabuku atatu, mlembi mmodzi, ndipo onse atatu mungawatchule ndi liwu lakuti mbiri: mbiri ya mtundu, mbiri ya munthu weniweni, ndi mbiri ya munthu wopeka. Liwu lakuti mbiri nalonso limasenza katundu wambiri ngati lakuti nthano lija. Chimene chikusiyanitsa Nthondo ndi enawo ndi ufulu wa mlembi. Polemba za Msyamboza, Nthara adamangidwa ndi zimene zidachitikadi. Polemba za Nthondo, adali ndi ufulu wosankha kuti abe liti, agwidwe liti, alape liti.

Buku la John W. Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe lili ndi vuto la mtundu wina. Fupa la nkhaniyi ndi nthano ya makolo: awiri apita kukagwira ntchito, wina apeza chuma, mnzake amupha panjira chifukwa cha nsanje, mbalame n'kuulula chinsinsi poyimba. Mbalame yoyimba ndi chizindikiro cha nthano ya pamoto. Koma nkhaniyi ili ndi mlembi wodziwika, idatambasulidwa, ndipo mawu ake adakhazikika pa pepala moti sasinthanso ndi wosimba. Wophunzira amene angalembe kuti "ndi nthano ya makolo imene idalembedwa ndi kukuzidwa" wanena zambiri kuposa amene wangosankha mbali imodzi.

Dzina limodzi, matanthauzo osiyana

Musaganize kuti chisokonezochi ndi cha Chichewa chokha. Tengani liwu lakuti "romance". Lero wowerenga Chingerezi akalimva amaganiza za nkhani zachikondi. Kale ku Ulaya liwuli linkatanthauza nkhani yolembedwa m'chiyankhulo cha anthu wamba osati m'Chilatini, makamaka yonena za ankhondo okwera pa akavalo ndi maulendo awo. M'Chifalansa, nthano yaitali iliyonse imatchedwa "roman". M'Chipwitikizi imatchedwa "romance". Choncho mnzanu woyankhula Chichewa wa ku Angónia m'dziko la Mozambique, amene amaphunzira m'Chipwitikizi, akauzidwa kuti awerenge "romance" sizitanthauza kuti m'bukumo muli zachikondi. Mwina muli nkhondo yokhayokha.

Mayina amene owerenga amapereka

Mayina amene taona mpaka pano amanena za kamangidwe. Pali gulu lina la mayina limene limanena za zimene zili m'kati: nkhani zachikondi, zaupandu, zaukazitape, zoseketsa, zoopsa. Mayina awa kawirikawiri sachokera m'kalasi. Amachokera kwa owerenga ndi kwa ogulitsa mabuku, amene amafuna njira yachidule youzirana kuti buku ili likukoma motani. Makolo anu amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 angakuuzeni kuti pobwerekana mabuku ankangoti, "Uli ndi Pacesetter?" kapena "Ndibwereke Mills and Boon," kapena "Ndikufuna Chase." Pacesetters udali mndandanda wa mabuku a olemba a mu Africa umene kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza mu 1977. Mills and Boon ndi dzina la osindikiza nkhani zachikondi. Chase ndi James Hadley Chase, mlembi wa ku England wa nkhani zaupandu. Palibe limodzi mwa mayinawa limene ndi dzina la mtundu wa nkhani, koma aliyense ankamva chimene mnzake akufuna. Pocheza zimathandiza. Pa mayeso musayerekeze.

Owerenga amatha kukangana kwambiri pa mayina otere, chifukwa dzina limapatsa buku ulemu kapena kulichotsera. Chitsanzo chodziwika ndi cha nkhani zopeka zonena za sayansi, makina ndi moyo wa m'tsogolo. Mu 1926 Hugo Gernsback adayambitsa magazini ya Amazing Stories ku America ndipo nkhani zake adazitcha "scientifiction". Dzinalo lidali lovuta pakamwa, ndipo pofika 1929 iye mwini adayamba kunena kuti "science fiction". M'zaka za m'ma 1950 kudabwera chidule chakuti "sci-fi". Owerenga ambiri okonda nkhanizi adadana nacho chidulechi. Ankati chikuwakumbutsa mafilimu achibwana a zilombo zochokera kumwamba, ndipo iwo adasankha kulemba kuti "SF". Mlembi wa ku Canada, Margaret Atwood, amene adalemba The Handmaid's Tale mu 1985, adakonda dzina lina lakuti "speculative fiction" ponena za mabuku ake otere, chifukwa chakuti amalemba zinthu zimene zingathe kuchitikadi pa dziko lino. Ena adamudzudzula kuti akungothawa dzina limene akuliona lonyozeka. Mu 2019 Nnedi Okorafor, mlembi wa ku America amene makolo ake ndi a ku Nigeria, adafotokoza kuti zolemba zake zizitchedwa "Africanfuturism" osati "Afrofuturism", popeza mizu yake ili mu Africa mwenimweni osati m'moyo wa anthu akuda a ku America.

Kodi mukuona kufanana kwake ndi mkangano wathu wa nthano ndi nkhani? Konseko wina akuopa kuti dzina lichititsa anthu kuona ntchito yake ngati ya ana.

Nkhani zoterezi zidafika kale kwathu kuno. Shadreck Chikoti adalemba m'Chingerezi buku lotchedwa Azotus the Kingdom, lotuluka mu 2015, limene likusimba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Mutafunsidwa kulitchula mtundu wake m'Chichewa, mungati nkhani yopeka ya zasayansi kapena nkhani yopeka ya zam'tsogolo. Onse awiri ndi omveka, malinga mufotokoze chimene mwaona m'bukumo.

Povuta kwambiri ndi pa nkhani za ufiti ndi mizimu. Wowerenga wa ku London akapeza m'buku munthu akuuluka pa lichero usiku, amaliika bukulo m'gulu la nkhani za zinthu zosatheka. Wowerenga wa ku Ntchisi angathe kuwerenga tsamba lomwelo n'kuliona ngati likusimba za moyo wa tsiku ndi tsiku, chifukwa nkhani zotere amazimva m'mudzi. Buku la Ben Okri wa ku Nigeria, The Famished Road, limene lidapata mphotho ya Booker mu 1991, likusimba za mwana amene amaona dziko la mizimu ndi la anthu nthawi imodzi. Ambiri adalitcha "magical realism", dzina limene lidatchuka ndi olemba a ku South America monga Gabriel García Márquez, koma mwini wake sadalikonde dzinalo. Apa dzina likuulula zambiri za wotchulayo kuposa za buku. Inu poyankha funso musataye nthawi kutsutsa kapena kuvomereza ngati ufiti ulipo. Funsani kuti: kodi m'nkhanimu ampangankhani akuziona bwanji zimenezi? Ngati akudabwa ndi kuchita mantha monga anthu a m'mudzi weniweni, mlembi akujambula chikhulupiriro cha anthu ake. Ngati fisi akuyankhula ndi munthu popanda wodabwa, mwalowa m'dziko la nthano ya pamoto.

Kayankhidwe

Tiyese ndi funso ili: "Kodi Nthondo ndi nkhani ya mtundu wanji? Perekani zifukwa ziwiri."

Wophunzira woyamba walemba kuti: "Ndi nthano chifukwa ndi yaitali komanso ili ndi phunziro." Yankho ili ndi lofooka. Silikunena kuti ndi nthano yanji. Kutalika kwatchulidwa popanda kufotokoza, ndipo phunziro limapezeka paliponse, m'ndakatulo, m'sewero ngakhale m'mwambi. Palibenso chilichonse chosonyeza kuti wophunzirayu adatsegulapo bukulo.

Wachiwiri walemba kuti: "Ndi nthano yaitali yolembedwa. Choyamba, ikutsata mpangankhani wamkulu kwa moyo wake wonse, kuyambira kubadwa mpaka imfa, m'malo osiyanasiyana. Chachiwiri, muli mavuto ambiri olowana, ndipo Nthondo akusintha kuchoka pa mnyamata wakuba kufika pa mfumu yotembenuka mtima." Apa dzina latchulidwa momveka ndipo chifukwa chilichonse chatsamira pa zimene zili m'buku.

Wachitatu walemba kuti: "Ndi nthano yaitali yolembedwa ngati mbiri ya munthu, chifukwa zochitika zikutsatana monga mwa zaka za moyo wa Nthondo, ngakhale kuti Nthondoyo ndi wopeka." Uyu waona chinthu chimene oweruza mpikisano uja adaona, ndipo wachiika m'malo mwake. Akawonjezera chifukwa chachiwiri, yankho lake ndi lokhwima kuposa onse.

Tsopano tengani nthano yaifupi imodzi mwa zimene mukuwerenga m'kalasi. Lembani kuti ikutenga nthawi yaitali bwanji kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, muli ampangankhani angati amene nkhani singayende popanda iwo, ndipo kusamvana kwake kwakukulu n'kotani. Kenaka lembani ndime imodzi yofotokoza zimene mlembi akadayenera kuwonjezera kuti nkhani yomweyo isanduke nthano yaitali.